Kachasu wa Malume Zuze

Mwezi wathawu tinamanga chiliza cha malume anga, a Zuze Mbewe, popeza chaka chakwana chitisiyireni. Simenti isanaume, mmisiri wake, bambo wina wa ku Thambani, anandifunsa vesi loti alembe pansi pa dzina. Ndisanayankhe anadziyankha yekha: "Kapena tingosiya dzina lokha eti? Paja madalawa anapita ali odulidwa." Ndinati inde, siyani dzina lokha. Sananame. Malume anamwalira ali kunja kwa mpingo pa mlandu wa kachasu, ndipo amene anakawanenera kwa akulu a mpingo ndine, mwana wa mlongo wawo.

Maliro awo anali ozizira. Kwaya sinabwere, abusa sanabwere, amayi a mpingo anabwera ndi zitenje wamba ngati akupita kuchigayo. A Chikuse, mlembi wa mpingo wathu, anapemphera mwachidule n'kukhala pansi. Munthu mmodzi yekha ndi amene anawayankhulira malume, ndipo anali a Nachisale, mayi wotcheza kachasu kutsidya kwa dambo. Bokosi likutuluka, anayankhula mokweza osayang'ana munthu: "Bambo awa zaka zonsezi ndawagulitsa ine, koma dontho limodzi pakamwa pawo sindinalionepo." Anthu ena anaseka chamumtima, ena anatsinana. Umboni wa wotcheza kachasu angaumve ndani? Ine ndinali pafupi nawo, ndinaweramitsa mutu.

Kukayikira n'kwa kumtundu kwathu, koma malume anaonjeza. Mbewu ya chimanga sankagula asanailume. Munthu akawauza kuti kwagwa mvula ku Boma, ankayamba ayang'ana nsapato zake. Chimene ankadana nacho kwambiri ndi kufanana. Mwana akabadwa, amayi n'kumati wafanana ndi bambo ake, iwo ankati nkhope ndi mboni yoledzera, chibale sichikhala pakhungu. Mawu amenewa anawayambanitsa ndi mabanja angapo, chifukwa anthu ankamva ngati akunena kuti mwanayo ndi wa m'chigololo. Iwo sankaganiza za anthu n'komwe. Ankaganiza za nyongolotsi.

Ali mnyamata anapita ku Mozambiki kukafuna ntchito, nakafika mpaka kunyanja yamchere cha ku Beira. Kumeneko analembedwa ndi mzungu wina wofufuza tizilombo ta m'madzi. Poyamba ankangonyamula ndowa, kenako anayamba kusankha, kujambula ndi kulemba. Nkhondo itavuta anabwerera kuno kwa Kanduku ndi bokosi lachitsulo, galasi lokuzira zinthu, ndi Chipwitikizi chimene chinkawatuluka akakwiya. Akazi awo anamwalira komweko ku Mozambiki, ana analibe. Amayi anga anawapatsa malo kuseri kwa khola la mbuzi, iwo anamanga kanyumba ka zipinda ziwiri. Chipinda cham'kati anachiikira loko, kiyi wake n'kumuvala m'khosi pa chingwe. Kutchalitchi anakwera msanga mpaka kukhala mkulu wa mpingo, poti anali munthu wosachedwa ndi wosabwereza mawu.

M'mawa uliwonse wa nyengo yadzuwa ankatsikira kumtsinje ndi ndowa ziwiri. Ankatembenuza miyala, kuzula mizu ya udzu wa m'madzi, kukokolola ndere, zonse n'kuthira m'ndowa. Anthu ankati akusaka nkhanu, iwo osatsutsa. Akafika kunyumba ankaika ndowazo pamthunzi n'kuzisiya tsiku lathunthu osazigwedeza. Mbuzi ikayandikira inkamva Chipwitikizi. Ankati madzi akatopa, tizilombo timakwera tokha m'mphepete mwa ndowa kufuna mpweya, ndiye munthu wanzeru sasaka, amadikira. Nthawi zambiri sankapeza chimene ankafuna, ndipo madzi onunkhawo ankathirira mpiru.

Tsiku lina ndikudutsa ndi dengu anandiitana pakhonde. M'mbale yoyera munali tinyongolotsi tiwiri, kalikonse kosaposa chikhadabo, tikuyenda chotsetsereka.

"Nambewe, tiwiriti ndi pachibale kapena ayi?"

"Ndi timapasa, malume."

"Shipera, dikira. Usathamange."

Anandipatsa galasi, n'kutenga minga n'kukhudza kamodzi. Kanangopinda n'kupitirira. Atakhudza kachiwiri, kofiirira kokhala ndi timadontho takuda kumutu, kanaponya kachingwe koyera kuchokera kumutuko n'kukabweza msangamsanga. Ndinadzidzimuka mpaka galasi linagwera m'mbale. Malume anaseka, ndipo sanali munthu wosekaseka. Anati kameneka ndiye kawo, ndipo iwo ankakatcha kaponya. Kachingwe kaja ndi mkondo wake, kamausunga m'chimake m'kati mwa thupi, ndipo kunsonga kwake kuli kaminga kobayira nyama yake. Kinako, kopyapyala kaja, kalibe mkondo, kalibe mitsempha ya magazi, ndipo pamene kamadyera ndi pomwenso kamatulutsira zoipa. Kaponya kali ndi khomo lolowera ndi lotulukira ngati ife. Anati kunyanja kuli akuluakulu ake otalika kuposa chingwe choyanikira zovala, oduka zidutswazidutswa ukangowagwira mwamphamvu. Anthu ambiri ophunzira sankadziwa ngati m'mitsinje yathu ino muli kaponya, ndipo ndicho chinkawadzutsa m'mawa.

Ndinawaona akujambula kangapo. Kanyongolotsi ankakajambula kali moyo, chifukwa ankati kakafa kamafota, kamayera, kamasanduka ulusi wosadziwika mwini. Ankawerenga maso ake kawiri, n'kutembenuza mbale, n'kuwerenganso, kusakhulupirira ngakhale maso awo omwe. Kumapeto kwa kope lililonse kunali mtengo wa nthambi zambiri, wofufutidwa n'kujambulidwanso mpaka pepala kubooka. Umenewo unali mtundu wa tizilomboto: uyu anachokera kwa yani, anasiyana pati ndi uyu. Mphunzitsi wina wa sekondale anabwera ndi buku lakale lonena kuti kaponya ndi m'bale wa kopyapyala kaja. Anatsutsana kuyambira masana mpaka mbuzi kulowa m'khola. Malume anati bukulo linaona nkhope basi. Mphunzitsiyo anachoka akunena kuti mkulu wosafika Fomu 2 sangakonze buku, ndipo sanapatsanenso moni mpaka anasamutsidwa. Ine pamenepo ndinali mbali ya mphunzitsi. Ndinkaganiza kuti akamaliza kujambula amakataya tizilomboto kumtsinje, ndipo sindinafunsepo.

Kenako kunabwera mayi wina wa ku yunivesite, wamng'ono kwa ine, pa njinga ya kabaza kuchokera ku Thambani. Anati dzina la malume analipeza pa timapepala ta m'mabotolo akale osungidwa kunja kwa dziko lino. Ine ndinati ameneyu wabwera za miyala yamtengo wapatali, nyongolotsi n'chophimba chabe, ndiye tiyi ndinaphika koma khutu linali pakhonde. Malume nawo sanamukhulupirire. Anamuikira mbale ya tinyongolotsi tiwiri monga anachitira ndi ine. Mayiyo anayang'anitsitsa m'mbalemo. Kenako anapempha minga. Apo malume anandiuza kuti ndiwonjezere shuga.

Mayiyo anawauza kuti masiku ano chibale cha tizilombo amachiwerenga ndi makina, m'kachidutswa ka mnofu, m'chinthu chotchedwa DNA. Anati makinawo amasonyeza kuti kaponya ali pafupi ndi nkhono komanso nyongolotsi za m'dimba kusiyana ndi kopyapyala kofanana nako kaja. Malume anangodzuka n'kukatenga kope, n'kumuonetsa mtengo wawo wobookabooka uja. Zimene anakambirana pambuyo pake sindinamve, chifukwa malume anandiona ndikusesa pamalo amodzi ndipo anatsitsa mawu.

Patapita miyezi ingapo ndinayamba kuona zachilendo. Malume ankaoloka dambo ndi thumba lopanda kanthu n'kubwerera likulira mabotolo. Ndikachapa malaya awo, m'mikono munkanunkha kachasu. Maso awo anali ofiira. Ankadzitsekera m'chipinda chija masana, potuluka n'kumayenda atagwira khoma. Mayi wina anandiuza kuti kwa a Nachisale malume amafuna mutu wa kachasu wokhawokha, uja woyamba kudontha, ndipo amayamba authira pang'ono pa supuni n'kuyatsa machesi, ukapanda kuyaka bwino amaubweza. Ndinati uyu si woyamba kumene, uyu ndi katswiri. Ndinawafunsa malume kamodzi, anandiyankha kuti ndisamale za mtedza wanga. Ndinapsa mtima. Lamulungu ankanyamula chikho cha mgonero ndi manja omwewo, ndipo ine ndinali msungichuma wa amayi a mpingo, munthu woti anthu akamanong'ona amandiyang'ana. Ndinadziuza kuti ndikuwapulumutsa. Zoona zake ndinkaopa kuti anthu anena kuti ndikubisa.

Chaka chimenecho kunali kutavuta kale. M'mudzi woyandikana nafe munamwalira ana awiri motsatizana, ndipo anthu analoza chala gogo wina chifukwa m'nyumba mwake munapezeka timabotolo ta mizu. Anamuthamangitsa, ndipo zidzukulu zake zinasiya sukulu poti anzawo ankathawa. Panthawi yomweyo mwana wanga woyamba, Tadala, anali atapeza mwamuna, ankhoswe ali m'kati mokambirana. Zonsezi ndinkazidziwa, koma sindinaone kuti zikukhudzana bwanji ndi mabotolo a malume.

Ndinapita kwa a Chikuse Lachinayi titaweruka ku mapemphero a amayi. Sabata yotsatira malume anaitanidwa pamaso pa akulu anzawo, ine ndili pomwepo ngati mboni.

"Bambo Mbewe, kachasu mumagula?" anafunsa a Chikuse.

"Ndimagula."

"Mumamwa?"

"Sindimwa."

"Ndiye mumatani naye? Mumatsukira mbale?"

Malume anakhala chete. A Chikuse sanali munthu woipa, ankafuna powatulutsira. Anati ngati ndi mankhwala a nyamakazi anene, ngati amagulira munthu wina anene, kapena angotsegula chipinda chija akulu awiri akaone, nkhani ithe. Malume anandiyang'ana ine, osati mwaukali, koma ngati akundiwerenga maso monga ankachitira ndi tizilombo tawo. Kenako anati, "Chipinda sinditsegula. Chitani zimene malamulo akunena." Anawadula tsiku lomwelo.

Sanasiye kubwera kutchalitchi. Ankakhala benchi yomalizira, pafupi ndi khomo, ndipo tsiku la mgonero ankatuluka n'kukaima pansi pa mtengo wa mango mpaka tithe. Ana anawapeka dzina loti a Mutu. Ukwati wa Tadala unachitika, iwo anakhala kumbuyo ngati mlendo, chonsecho mwini mbumba anali iwo. Ndi ine sanasinthe. Ankandipatsa moni, ankandigawira mpiru, ndipo zimenezi zinkandipweteka kuposa kunditukwana. Ndinkati akudziwa kuti analakwa, n'chifukwa chake afatsa. Kudutsa dambo sanasiye. Zinakhala choncho zaka zisanu ndi chimodzi.

Atayamba kutupa miyendo, a chipatala anatiuza kuti ndi mtima, tizingowasamala kunyumba. Apo mantha anandigwira. Ndinapita kwa a Chikuse, iwo anati njira ilipo ndipo ndi yaifupi: avomere kuti ankamwa, alape, abwezeretsedwa ngakhale ali pamphasa. Ndinathamanga nawo uthengawo masana dzuwa likuswa mtengo, ndinawapeza atatsamira khoma pakhonde.

"Malume, ndi mawu awiri okha. Munene kuti ndinkamwa, ndalapa. Mukufuna tikakuikeni ngati galu?"

"Kukhala chete ndinakhala," anatero. "Koma kunama pamaso pa Mulungu kuti andilandire, ayi mwanawe. Sindinamwepo."

"Ndiye kachasu yense uja ali kuti?"

Anavula chingwe m'khosi n'kundipatsa kiyi.

M'chipindamo munali kazenera kamodzi. Khoma lonse linali matabwa, ndipo pa matabwapo panali timabotolo ndandanda, ta mankhwala a chifuwa, ta mafuta odzola, ta jekeseni, tonse todzaza kachasu. M'kalikonse munali kanthu koyera kopindika kakuyandama, ndi kapepala kolembedwa ndi pensulo. Pansi panali singano, lezala, nthenga za nkhuku ndi timbale. Fungo lake linandilowa m'maso. Ndinene zoona, popeza ndicho ndalembera zonsezi: sindinaganize za yunivesite, sindinaganize za kaponya amene ndinamuona ndi maso anga. Mumtima ndinati, mayo, malume ndi mfiti. Ndinatuluka chobwerera m'mbuyo, dzanja langa likupukuta pa chitenje ngakhale sindinagwire kanthu.

Malume anali akundiyang'ana. "Waona nkhope yakoyo?" anatero. "Ndiwe mwana wa mlongo wanga, ndinakuonetsa ndekha tizilomboti, koma wachita mantha. Nanga a Chikuse akanatani? Nanga a kuchimuna kwa Tadala?"

Ndinakhala pansi. Anandifotokozera pang'onopang'ono, akupuma pakati. Mayi wa ku yunivesite uja anawauza kuti kanyongolotsi koti kakawerengedwe ndi makina kamayenera kusungidwa mu spiriti wamphamvu, osati mankhwala aja obaya mitembo amene ankagwiritsa kale, chifukwa amaononga chimene makinawo amawerenga. Anawasiyira botolo limodzi, linatha, ndipo chapafupi chimene chikanagwira ntchitoyo chinali mutu wa a Nachisale. Pensulo n'chifukwa choti inki imasungunuka mu kachasu. Maso ofiira linali galasi lija ndi fungo la m'chipinda chopanda mpweya. Anati tsiku la mlandu anayeza zinthu ziwiri. Akakhala chete, akhala chidakwa. Akatsegula chitseko, akhala mfiti. Ndipo anati uchidakwa umalowa m'manda ndi mwini wake, koma ufiti umatsalira mbumba.

Ndinalira, ndinapepesa, iwo anati ndisiye phokoso. Sanandikhululukire ndi mawu, sanandidzudzulenso. Anangondiuza kuti ndikatenge kope lachikasu, n'kundisonyeza kuti pa timabotolo tonse tija, tokhala ndi kaponya weniweni ndi tochepa, ndipo anatiika pa thabwa lapamwamba. Ankaganiza kuti kaponya wa mtsinje wa kwathu ndi wa cha ku Thambani ndi mitundu iwiri, chifukwa cha kakhalidwe ka maso, koma anati angakhale akulakwitsa, makina ndiwo adzanene. Anandipatsa nambala ya foni ya mayi uja. Za mpingo anangoti, "Kiyi uli naye ndiwe tsopano. Uona wekha."

Anakhala moyo masabata atatu kuchokera tsiku limenelo. Masabata atatu ndi nthawi yokwanira kupita kwa a Chikuse maulendo makumi awiri. Tsiku lina ndinavala n'kufika mpaka pa mjigo, ndinabwerera. Mwana wanga wachiwiri anali ndi pakati, wachitatu ali pasukulu, ndipo nkhope ya zidzukulu za gogo uja sinkandichoka. Ndinadziuza kuti ndikutsata zimene malume anasankha. Mwina n'zoona. Koma iwo anasankha kudzipweteka okha, pamene ine ndinasankha kuti apitirize kupwetekeka iwo, ndipo ziwirizi si zofanana ngakhale zikuoneka choncho. Pamaliro, a Nachisale akuyankhula, munthu yekhayo amene akanawavomereza ndinali ine.

Mayi wa ku yunivesite anabwera patatha mwezi. Ndinali nditamuuza kuti asabwere ndi galimoto ya ku ntchito. Tinakulunga timabotolo m'masanza, tinatiika m'makatoni a sopo pamodzi ndi makope, pamwamba n'kuthirapo mtedza, ndipo pikapu ya ku Thambani inanyamula ngati katundu wa kumsika. Mayiyo analira ataona thabwa lapamwamba. Pambuyo pake anaimba foni kunena kuti timabotolo tina kachasu wake anali atachepa mphamvu, koma tina tikuwerengeka, ndipo ntchito yake ndi yaitali. Anati dzina la malume lidzalembedwa. Ine za kulembedwako ndidzakhulupirira ndikadzaona.

Kanyumba kaja kalipobe. Chipinda chakunja ndimasungiramo makasu ndi matumba a chimanga. Cham'kati mulibe kanthu. Matabwa ali pomwepo, ndipo fumbi lake lili ndi timizere tozungulira pamene panakhala botolo lililonse, mizere isanu ndi umodzi kuchokera pansi mpaka kudenga. Mavu amanga chisa pakona ya zenera. Kukatentha fungo la kachasu limatulukabe m'matabwamo, moti mlamu wanga atabwera kudzathandiza za chiliza ananunkhiza n'kupukusa mutu, nati, "Koma madala aja ankamwa zedi." Ndinali nditaima pakhomo, kiyi ali m'manja. Ndinamuuza kuti atuluke nditseke, mbuzi zingalowe.